Mwana akati akufuna kudzakhala wofunsa mafunso pa TV

Masukulu ambiri a pulaimale kuno ku Chipata, makamaka amene si a boma, amakhala ndi tsiku limene ana amabwera atavala zovala za ntchito imene akufuna kudzagwira akadzakula. M'mawa wa tsikulo mumsewu mumadzaza timadokotala tovala makhoti oyera ofika m'mapazi, manesi, asilikali, apolisi, ndi woyendetsa ndege mmodzi kapena awiri. Matelala a pamsika wa Kapata amadziwiratu zoti asoke. Koma pali ana ena amene telala alibe chowasokera. Amangovala jekete yawo ya kutchalitchi, n'kutenga chitsononkho kukhala maikolofoni, ndipo mukawafunsa amati akufuna kudzakhala munthu uja wa pa TV amene amafunsa anthu mafunso n'kuwapatsa ndalama.

Makolo ambiri akamva zimenezi amaseka, ena amapsa mtima pang'ono. "Iwe, imeneyo n'kukhala ntchito? Udzadya chiyani?" Agogo ake amangoti mwanayu mwamuwononga ndi foni. Ine ndimaona kuti yankho la mwana ameneyu n'lofunika kulitchera khutu kuposa la mnzake amene wati adzakhala dokotala chifukwa wadziwa kuti ndi limene akuluakulu amaliwombera m'manja. Wofuna kutsogolera pulogalamu ya mipikisano waonapo chinthu chenicheni pa ntchitoyo. Chimene sanaone ndi mmene imayendera kuseri kwa kamera, ndiponso kuti oigwira ndi ochepa bwanji.

Mu 1981 katswiri wina wa ku America, a Linda Gottfredson, anafotokoza mmene maganizo a ana pa nkhani ya ntchito amasinthira akamakula. Mfundo yawo yaikulu inali yoti mwana amayamba ndi kuchotsa ntchito zina, kusankha kumabwera pambuyo. Wa zaka 3 mpaka 5 amangoona kuti akuluakulu ndi amphamvu ndipo amapita kuntchito. Wa zaka 6 mpaka 8 amayamba kugawa kuti iyi ndi ya amuna, iyo ndi ya akazi, n'kusiya zimene akuona kuti si zake. Wa zaka 9 mpaka 13 amazindikira kuti ntchito zina zili ndi ulemu kuposa zina. Amasiya zimene anthu amazinyoza, n'kusiyanso zimene akuganiza kuti mwana wa m'banja ngati lake sangazifike. Pofika zaka 14, pamene amayamba kudzifunsa chimene iye mwini amakonda, amakhala akusankha pa zochepa zimene zatsala. Ndiye kuti mawu amene kholo limauza mwana wa giredi 4 amalowa kwambiri kuposa a mphunzitsi wolangiza za ntchito amene adzakumana naye ku sekondale.

Ndipo mwana sangalote ntchito imene sanaionepo. Mu 2018 bungwe lina la ku Britain, Education and Employers, linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene linauza ana pafupifupi 20,000 a zaka 7 mpaka 11 kuti ajambule chithunzi cha ntchito imene akufuna. Ana ake anali a m'maiko 20, ndipo a kuno ku Zambia analimo. Ana a ku Britain ambiri anajambula osewera masewera, ndipo ntchito za pa intaneti ndi magemu zinali pafupi ndi pamwamba. A kwathu ndi a ku Uganda anapendekera ku uphunzitsi ndi ntchito za chipatala. Atafunsa ana a ku Britain kumene anadziwira ntchitozo, ambiri anatchula wachibale kapena TV, mafilimu ndi wailesi. Amene anaidziwa chifukwa munthu woigwira anabwera kudzalankhula kusukulu kwawo sanakwane n'komwe mmodzi pa 100.

Chaka chotsatira, mu 2019, kampani ya zidole ya Lego inafunsa ana 3,000 a zaka 8 mpaka 12 ku America, Britain ndi China. Ku America ndi ku Britain pafupifupi ana 3 pa 10 alionse anati akufuna kudzakhala otchuka pa YouTube, pamene ofuna kupita mumlengalenga anali pafupifupi mmodzi pa 10. Ku China oposa theka anasankha za mumlengalenga. Manyuzipepala anadandaula kuti ana a masiku ano atayika, koma ana aja anangonena zimene maso awo amakhalapo tsiku ndi tsiku. Bungwe la maiko ambiri loona za chuma la OECD linapezanso mu 2020 kuti m'maiko 41, pafupifupi theka la achinyamata a zaka 15 amayembekezera kudzagwira imodzi mwa ntchito 10 zokha, ngati kuti padziko palibe zina.

Kuno kum'mawa chifukwa chimene ana amapendekera ku uphunzitsi ndi ntchito za chipatala chili poyera. Mwana wa ku Vubwi, ku Chadiza kapena m'midzi ya ku Lundazi akayang'ana anthu amene amalandira malipiro mwezi ukatha amaona aphunzitsi, anesi a pakiliniki, alangizi a zaulimi pa njinga yamoto, ndi apolisi a pa Boma. Ena onse amadikira kukolola chimanga, mtedza, soya, thonje kapena fodya, kenako n'kudikiranso kuti ogula alipire. Njira yopitira ku ntchito za malipirozo ndi yodziwika: koleji ya aphunzitsi ili pompano pa Chipata, masukulu a unesi ali ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete ndi ku Mwami. Kholo limene limakankhira mwana kumeneko silikulakwa, pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma njirayo nayonso yapanikizika. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi ogwira ntchito za umoyo 11,276, chiwerengero chachikulu zedi, komabe ofunsira uphunzitsi okha anapitirira 100,000. Pa anthu 10 alionse amene anali ndi mapepala m'manja, pafupifupi 7 anatsala. Choncho tisamayankhe mwana ngati kuti kumbali ino kuli ntchito yotsimikizika ndipo kumbali inayo kuli masewera okhaokha.

Nanga mwanayu amaonamo chiyani mwa munthu wofunsa mafunso pa TV?

Taganizani za mafunso amene mwana amakumana nawo pa tsiku. Unali kuti? Waswa mbale ndani? Chenji ili kuti? Kusukulu, 7 kuchulukitsa ndi 8? Kwa iye funso limabwera ndi mlandu kumbuyo. Chiyambireni maphunziro aulere mu January 2022 makalasi adzaza kwambiri, ndipo mwana akaimirira n'kuyankha cholakwa, amene amamuseka ndi ambiri kuposa kale. Chikwapu chinaletsedwa m'masukulu, koma manyazi sanaletsedwe. Tsono madzulo akuona pa TV munthu wamkulu akufunsa funso, woyankha walakwa, onse awiri akuseka limodzi, akugwirana chanza, anthu akuwomba m'manja. Choposa apo, ofunsidwawo ndi akuluakulu. Bambo wa tayi akutuluka thukuta pa funso limene mwana wa giredi 6 wayankha kale ali pamphasa. Ndipo pakati pa onsewo pali munthu mmodzi amene salakwa, amene yankho ali nalo kale, amene akati nthawi yatha ndiye kuti yatha, koma palibe amene amamuopa. Mwana sakumana kawirikawiri ndi munthu wamkulu amene ali ndi mphamvu chonsecho sawopseza.

Chinanso ndi kupatsa. Kwathu kuno munthu wamkulu ndi amene amatulutsa: pamaliro, paukwati, pamene mwana wa mlongo wake wasowa yunifolomu. Mwana wa ku Mchini kapena ku Nabvutika amene waonapo amayi ake akuwerenga makobidi kuti akwane kapamela ka ufa amadziwa kulemera kwa ndalama kuposa mmene timaganizira. Akaona munthu amene ntchito yake ndi kunena kuti "mwapambana" n'kupereka envulopu, amaona ntchito yabwino kuposa zonse. Dokotala nthawi zina amatuluka m'chipinda ndi uthenga wa maliro. Wapolisi amamanga anthu. Mphunzitsi amalemba ndi inki yofiira. Uyu yekha ndiye amaoneka ngati wobweretsa uthenga wabwino wokhawokha, ndipo opikisana akapita kwawo, wopambana ndi wolephera yemwe, iye amabweranso sabata yamawa atavala suti ina. Anthu a msinkhu wathu sitiyenera kudabwa nazo. Tikukumbukira mmene dziko lonse linasangalalira mu 2003 pamene Cherise Makubale anapambana Big Brother Africa yoyamba n'kubwera ndi madola 100,000. Kuyambira pamenepo zinalowa m'mitu kuti TV ikhoza kusintha moyo wa munthu wamba.

Mapulogalamu amenewa amakonzedwanso mwadala kuti woonera kunyumba azisewera nawo. Who Wants to Be a Millionaire, imene inayamba ku Britain mu 1998, inali ndi mafunso 15, lililonse ndi mayankho 4 oti usankhepo, ndipo oyambirira amakhala osavuta kuti aliyense alowe m'masewerawo. Wopikisana akasowa chonena amatha kuimbira foni mnzake, kufunsa anthu oonerera, kapena kuchotsetsa mayankho awiri olakwa. Family Feud, imene inayamba ku America mu 1976 ndipo a Steve Harvey akuitsogolera kuyambira 2010, siifuna n'komwe nzeru za m'kalasi. Amafunsa anthu 100 funso limodzi, ndipo mabanja awiri amapikisana kulota zimene ambiri mwa anthuwo anayankha. Pamenepo agogo amene sanapite kusukulu akhoza kugonjetsa mdzukulu wa giredi 12, chifukwa chofunika ndi kudziwa mmene anthu amaganizira. Ndimaganiza kuti ndi chifukwa chake tizidutswa ta pulogalamuyi timayenda kwambiri m'mafoni, ngakhale kwa anthu amene Chingerezi cha ku America sachimva chonse.

Komatu masewera a mafunso sanabwere ndi TV. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa mmene zimakhalira madzulo nsima ikatha. Wina amati "Chilapi!" ena onse n'kuvomera "Nachize!" Kwina amati "Ndagi!" n'kuyankha "Gize!" Kenako: "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Wodziwa amafuula kuti dzira. "Pita uku, ine ndipite uku, tikakumane kutsogolo." Lamba. Koma chikakhala chatsopano, onse n'kugoma, woponya chilapi uja amakana kuulula mpaka amubayire ng'ombe. Amamupatsa ya mfumu, iye n'kuikana kuti ndi yowonda, amamupatsa ina, mpaka akhutire, kenako n'kumasula. Ng'ombeyo inali ya pakamwa chabe, koma zonse zimene zili mu pulogalamu ya pa TV zinalimo: mawu otsegulira amene aliyense amawadziwa, funso, kudikiritsa, mphotho, ndi munthu mmodzi wogwira yankho. Ndipo awa anali malo amodzi mwa ochepa pamene kamwana kakanatha kuimitsa akuluakulu mitu popanda kutchedwa wamwano. Wailesi itabwera inatengera mzimu womwewo wa kucheza kwa madzulo. Achikulire akukumbukira mmene ankazingira wailesi kumvera nthano za a Julius Chongo pa Poceza M'madzulo. Lero mwana amakumana ndi mpikisano wa mafunso ku kalabu ya sayansi ya JETS kusukulu, ndi kutchalitchi kumene achinyamata amapikisana pa mavesi a m'Baibulo.

Tsopano zimene kamera sionetsa. Ndalama zimene wotsogolera amapereka si zake. Zimachokera kwa kampani imene ikufuna kuti dzina lake litchulidwe ndi kuonekera kumbuyo kwa wopambana, kapena ku malonda amene amaulutsidwa pulogalamu ikapumira. Mayankho nawonso si ake. Pali anthu olembedwa ntchito yopeka mafunso, ena otsimikiza kuti yankho ndi lolondola ndipo palibe lachiwiri, ndipo iye amawerenga pa khadi kapena pa kompyuta, uku mkonzi wa pulogalamu akumulankhula m'khutu kuti afulumire. Zimene ife timaona ngati madzulo asanu osiyana nthawi zambiri zimajambulidwa tsiku limodzi. Jeopardy! ya ku America imajambula mapulogalamu 5 pa tsiku, wotsogolera akungosintha zovala pakati. Kuseka nthabwala ya wopikisana wa nambala 15 ndi mtima womwe unasekera woyamba m'mawa, miyendo itatopa, magetsi a m'situdiyo akuotcha, imeneyo ndi ntchito, ndipo si aliyense angaithe. Ukalakwa umalakwira pamaso pa anthu onse. Mu 2015 a Steve Harvey omwewo, potsogolera mpikisano wa kukongola wa Miss Universe, analengeza kuti wapambana ndi wa ku Colombia pamene wopambana anali wa ku Philippines, ndipo anayenera kubwerera pabwalo kukakonza, chisoti chili kale pamutu pa munthu.

Ngakhale dongosolo la masewerawo lili ndi mwini. Wailesi ya kanema imene ikufuna kupanga Millionaire m'dziko lake imagula chilolezo, n'kulandira malamulo a zonse, kuyambira nyimbo, kuwala kwa magetsi mpaka kakhalidwe ka mipando. Ndi mmene pulogalamuyi inafikira ku India mu 2000 ndi a Amitabh Bachchan, ndi ku Nigeria mu 2004 ndi a Frank Edoho. Family Feud inafika ku South Africa ndi ku Ghana mu 2020, ndipo a Harvey anachita kubwera okha kudzaitsogolera.

Ntchitoyi imadalira chinthu chimodzi chimene chikasweka sichibwerera msanga, ndicho kukhulupirira kwa oonera kuti masewerawo ndi achilungamo. Ku America anaphunzira zimenezi mowawa. Mu 1956 pa pulogalamu ya Twenty-One, okonza anauza wopikisana wina, Herb Stempel, kuti alakwe dala, ndipo mnzake Charles Van Doren, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Columbia, ankapatsidwiratu mayankho chifukwa anthu ankamukonda ndipo malonda ankayenda. Nkhaniyi itaululika, Van Doren anavomera pamaso pa aphungu mu 1959, mapulogalamu ambiri a mtunduwu anatsekedwa, ndipo mu 1960 anakhazikitsa lamulo loti kukonzeratu wopambana pa mpikisano wa pa wailesi kapena pa TV ndi mlandu. Kwathu nkhani yake ndi yaing'ono koma ndi yomweyo. Omvera akangoyamba kunong'onezana kuti amene amapambana pa pulogalamu yakutiyakuti ndi abale a woulutsa, mafoni amasiya kulira.

Ndiye pali nkhani ya kuchepa kwa malo, imene kholo lili ndi chifukwa chomveka choidandaulira. Wotsogolera akakondedwa sachoka. Ku America, a Bob Barker anatsogolera The Price Is Right kuyambira 1972 mpaka 2007. A Alex Trebek anakhala pa Jeopardy! kuyambira 1984 mpaka imfa yawo mu 2020, mapulogalamu oposa 8,000. A Pat Sajak anayamba Wheel of Fortune mu 1981 n'kupuma mu 2024. M'dziko la anthu oposa 300 miliyoni, mibadwo iwiri ya ana inakula ikusirira ntchito imene anthu ake anali omwewo. Kuno ku Zambia, kumene tinali 19.6 miliyoni pa kalembera wa 2022, vuto limayambira patali, chifukwa pulogalamu yotere imadya ndalama zambiri ndipo imakhala ndi moyo malinga ngati wothandiza alipo. Ambiri tikukumbukira Zain Africa Challenge, imene inayamba ndi dzina la Celtel, mmene ophunzira a m'mayunivesite athu ankapikisana ndi a ku Kenya, Uganda, Tanzania, Malawi ndi maiko ena, a John Sibi-Okumu akufunsa. Kampani ya mafoni ya Zain imene inkauthandiza itagulidwa n'kukhala Airtel mu 2010, mpikisanowo sunapitirire. Ku Ghana kokha ndi kumene ndimaona chitsanzo cholimba: mpikisano wawo wa sayansi ndi masamu wa masukulu a sekondale unayamba mu 1993, ndipo nthawi yake ikafika dziko lonse limautsatira.

Koma taonani kumene anthu amenewa anachokera. A Chris Tarrant, amene anatsogolera Millionaire yoyamba, anayamba ndi uphunzitsi. A Sibi-Okumu anali mphunzitsi wa Chifalansa. Mayi amene akhala akufunsa mafunso pa mpikisano wa ku Ghana kuyambira 2006, a Elsie Effah Kaufmann, ndi pulofesa wa uinjiniya pa yunivesite ya Ghana, ndipo atsikana ambiri kumeneko aona mwa iwo kuti mkazi akhoza kukhala wogwira mayankho a sayansi. A Barker, a Sajak ndi a Edoho anadzera pa wailesi. A Trebek anayamba ndi kuwerenga nkhani ku Canada. A Harvey anali wanthabwala woyendayenda amene kwa nthawi ina ankagona m'galimoto, ndipo iwo eni amafotokoza kuti ali mwana anali wachibwibwi, moti atalemba m'kalasi kuti akufuna kudzaoneka pa TV, aphunzitsi awo anawaseka pamaso pa anzawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayambira pa ntchito imene anatchuka nayo. Onse anali anthu odziwa kuimirira pamaso pa gulu, kufunsa, kumvetsera yankho, ndi kusunga ulemu wa amene walakwa. N'chifukwa chake ndimati mwana wa chitsononkho uja ndi mnzake amene wavala ngati aphunzitsi ali pafupi kwambiri kuposa mmene makolo awo akuganizira.

Chitsanzo chathu chili pakhomo pomwe. Breeze FM, imene a Mike Daka anaiyambitsa kuno ku Chipata mu 2002, inatchuka kwambiri m'midzi chifukwa cha a Grayson Peter Nyozani Mwale, amene aliyense anawadziwa kuti Gogo Breeze. Iwo anali mphunzitsi kwa zaka zambiri asanagwire maikolofoni, ndipo chimene chinawakondetsa kwa anthu chinali Chinyanja chawo, miyambi, ndi kuleza mtima powerenga makalata a omvera. Sanali wa mipikisano ya mamiliyoni, koma luso lake ndi lomwelo.

Pa wailesi ndi pamene ntchito imeneyi ilidi ndi moyo kum'mawa kuno. Kuwonjezera pa Breeze pali Radio Maria, Feel Free, Mphangwe ku Katete, Chikaya ku Lundazi, ndi ena ku Petauke, osaiwala ZNBC Radio 1 imene imaulutsa m'zinenero 7 za dziko lino, Chinyanja chili momwemo. Chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, ma TV anangokhala, koma kawailesi ka mabatire ndi ka pafoni sikanasiye kulankhula. Mphotho za pa wailesi ndi zazing'ono: tokotaimu, chitenje, sikipa, kapaketi ka mbewu. Koma amene anayesapo kutsogolera pulogalamu yoimbira foni amadziwa kuti pamafunika mutu. Woimba wakweza wailesi yake ndipo mawu akubwerera, uyenera kumupempha kuti achepetse popanda kumukhumudwitsa. Wina asanayankhe funso akufuna apereke kaye moni kwa apongozi ake, kwa a mfumu ndi kwa onse a m'kalabu ya omvera, pamene mphindi zikutha. Uyu walankhula Chinsenga, wotsatira Chitumbuka, winayo wasakaniza ndi Chingerezi. Netiweki yaduka pakati pa yankho, ndipo uyenera kugamula ngati linali lolondola. Chovuta koposa ndi pamene agogo aimba kuchokera kutali, agwiritsa ntchito tokotaimu yawo yomaliza, n'kuyankha cholakwa. Mnyamata wa zaka 22 sanganene kuti "mwalakwa" n'kudula foni. Amati, "Agogo, mwayandikira ndithu, koma tiyeni timve ena, mudzaimbenso mawa," ndipo agogowo amatsala akumwetulira. Zimenezi sizilembedwa pa khadi.

Kunja kwa situdiyo msika ulipo wina umene sitiuwerengera ngati ntchito. Ukwati uliwonse wa m'tauni umafuna MC, chimodzimodzi kitchen party ndi chilanga mulilo. Makampani a mafoni, a mbewu ndi a sopo akabwera ndi thiraki yawo pamsika amafuna munthu wodziwa kusonkhanitsa gulu, kufunsa timafunso, kuvinitsa anthu ndi kugawa masikipa popanda kuyambitsa ndewu. Ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi ku Kulamba ku Mkaika mu August pamafunika olengeza amene amadziwa kutchula mafumu m'ndondomeko yake, chifukwa kulakwitsa pamenepo si nkhani yoseka. Kunena zoona, ndalama zake sizikhala za mwezi ndi mwezi. Nyengo ya maukwati ikadutsa foni imakhala chete, ndipo pa mawailesi ambiri a m'madera achinyamata amayamba ngati odzipereka, akulandira ya sopo kapena osalandira kanthu. Ambiri amene zikuwayendera ali ndi ntchito ina masana, ndipo kawirikawiri ntchitoyo ndi uphunzitsi. Wofuna pepala la utolankhani ndi kuulutsa mawu amapita ku Lusaka, ku Evelyn Hone, ku ZAMCOM kapena ku UNZA, ndipo kumeneko amafuna satifiketi yabwino ya sekondale, mfundo imene kholo likhoza kuigwiritsa ntchito bwino kuposa kukalipa.

Pali chinthu china chimene chimavala malaya a mpikisano koma si mpikisano, ndipo mwana wokonda zimenezi ndiye amene chingamukole msanga. Ndikunena za kubetcha, ndi mauthenga aja oti tumizani yankho pa nambala yakuti kuti mupambane, pamene funso lake ndi losavuta mwadala ndipo uthenga uliwonse ukudula ndalama. Nyimbo zake, kufuula kwa wolengeza ndi chithunzi cha wopambana atanyamula cheke chachikulu n'zofanana ndi za pa TV. Kusiyana kuli pa kumene mphotho imachokera. Pa mpikisano weniweni imachokera kwa wotsatsa malonda, ndipo wolephera amabwerera kwawo ndi zonse zimene anabwera nazo. Pa kubetcha imachokera m'matumba a olephera. Mwana wa zaka 10 akhoza kumvetsa zimenezi mutamufotokozera kamodzi.

Foni yatsegulanso khomo limene a Barker ndi a Tarrant analibe. Mnyamata kapena mtsikana safunikanso kudikira kuti wailesi ya kanema imuitane. Amatenga foni, mnzake n'kumujambula, n'kuimitsa anthu mumsewu: likulu la dziko lakuti ndi liti, mukakhoza nayi K20. Amaika pa TikTok kapena pa Facebook. Ena amachita bwino ndithu, ndipo m'miyezi yochepa amaphunzira zimene kale munthu ankaphunzira zaka zambiri ali pa wailesi. Koma K20 ija imatuluka m'thumba mwawo mpaka atapezeka wamalonda wofuna kutchulidwa, ndipo kuchuluka kwa oonera sikutanthauza kuti ndalama zikulowa. Ambiri amazindikiranso msanga kuti kanema amene amayenda kwambiri ndi amene munthu wayankha chopusa, ndiye amayamba kusaka amayi ogulitsa tomato ndi abambo a njinga zonyamula anthu, kuwafunsa m'Chingerezi chothamanga, n'kudula kanemayo kuti pangotsala polakwa. Amayiwo sanauzidwe kuti nkhope yawo idzafika ku Lusaka ndi ku Lilongwe, ndipo ana awo amakaipeza m'mafoni a anzawo kusukulu.